Makapisozi mu Tiyi wa Abambo

"Masiku anayi, alamu! Masiku anayi munthu ali gone pabedi, iwo akungomuthira madzi m'mitsempha ngati mbande za tomato. Inu muli phee, mukuchapa zovala!"

Azakhali anali chiimire pakhomo, chikwama chikadali m'khwapa. Anatsika basi m'mawa womwewo, nadzera kuchipatala kukaona mlongo wawo asanafike n'kunyumba komwe. Amayi sanadzutse mutu. Anapitiriza kufinya nsalu ya pabedi, madzi a sopo akuyenderera m'zigongono.

"Khalani kaye pansi, alamu, mwana akupatseni madzi."

"Madzi? Nanenso mukufuna kundichiza ndi madzi?"

Magalasi anali kuseri kwa chitseko, akupinda matawulo oti abwerere nawo kuchipatala. Dzinali analipata ali ku pulayimale, tsiku limene anatulukira m'kalasi atavala magalasi, ndipo linamukanirira mpaka lake lenileni linaiwalika. Tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, atangolemba kumene mayeso omaliza a sekondale. Popeza amayi anali ndi khanda loyamwa, iye ndiye anali gadiyani wa abambo ake kuchipatala: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kukataya mkodzo. Anali mtsikana wa manyazi. Ngakhale m'kalasi, yankho ankalidziwa, koma mawu ankathera pakhosi.

"Iwe Magalasi, tatuluka kuno," anaitana azakhali. "Si iwe umamva zoyankhula zawo? Akuti mlongo wanga akudwala chiyani?"

Anatuluka, nakhala pansi pafupi ndi beseni la amayi ake.

"Akuti ndi kapamba, azakhali. Watupa."

"Ndiye?"

"Akuti kapambayo amapanga madzi ogaya chakudya. Ndiye madziwo, m'malo mopita m'matumbo, ayamba kugaya kapamba yemweyo. Akuti zili ngati munthu wapsa ndi moto, koma m'kati. Mankhwala ake ndi diripi, mankhwala oletsa ululu, ndi kudya pang'onopang'ono mpaka kutupako kuphwe."

"Nanga jakisoni wopha tizilombo?"

"Akuti mulibe tizilombo."

Azakhali anaseka kuseka kopanda mano, naomba m'manja kamodzi.

"Thupi likuotcha ngati simbi yositira, ndiye mulibe tizilombo?"

"Akuti kutenthako kukuchokera ku kutupa. Akuti akapereka mankhwala amenewo pachabe, tsiku limene adzafunike zenizeni adzapezeka kuti sakugwiranso ntchito."

"Akuti, akuti, akuti! Ine ndaona ndi maso angawa. Bambo wadazi wa pabedi loyandikana uja, anesi afika ndi kangolo kawo, jakisoni pamkono, kwee! Afika pa mlongo wanga, angoyang'ana botolo la madzi, basi apitirira. Mukuganiza kuti n'chifukwa chiyani? Wadaziyo mwana wake amabwera atavala tayi. Ife ndife ndani?"

Magalasi ankadziwa kuti bambo wadazi uja akudwala chibayo, chifukwa anamva adokotala akuuza mkazi wake.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, alamu," anatero amayi motsitsa mawu.

"Pakadafunda padajiwitsa galu, mayi inu. Chabwino, ndiye akuti chamutupitsa kapambayo n'chiyani?"

Magalasi anayang'ana amayi ake. Amayi anaika nsalu ija mu ndowa, napukuta manja.

"Mowa," anatero.

Apa m'pamene chikwama chinagwa pansi.

"Mowa! Amuna onse a mumsewu uno amamwa, bwanji sanatupe onse? Munthu amawotcherera zitsulo tsiku lonse padzuwa, moto uli kumaso, ndiye asamwe kabotolo kamodzi? Mukufuna anthu azinena kuti mlongo wanga wadzidwalitsa yekha? Ndi tizilombo! Tizilombo timagwira aliyense, ngakhale abusa."

Magalasi anamva chisoni chimene sankachiyembekezera. Anaona kuti azakhali akufunitsitsa kuti tizilomboto tipezeke, chifukwa tizilombo tilibe manyazi. Palibe amene amaloza chala munthu wogwidwa ndi tizilombo.

Masana omwewo azakhali anamutenga kupita naye kumsika. Kuseri kwa ogulitsa nsapato zakale kunali bambo wina wokhala pansi pa ambulera yaikulu, patebulo pake pali timabokosi ndi timapepala ta mankhwala tomangidwa ndi mphira. Ankavala malaya oyera a manja aatali, ndipo anthu ankangomuti Adokotala a pa Ambulera. Anamvetsera nkhani ya azakhali akugwedeza mutu ngati munthu amene waimva kale kambirimbiri.

"M'mimba kupweteka mpaka kumsana? Thupi kutentha? Amayi, mwachita bwino kubwera. Kuchipatala mankhwala enieni amasungira abale awo. Awa ofiira ndi achikasuwa, awiri m'mawa, awiri madzulo. Awa oyera akuluakuluwa ndi apolisi, amagwira otsala. Mukaphatikiza, palibe kachilombo kopulumuka."

"Tawerenga, iwe," anatero azakhali, akumupatsira Magalasi kapepalako. "Ndi enieni?"

Magalasi anawerenga. Anali enieni, a mtundu womwe uja aphunzitsi a sayansi anaulemba pabolodi. Akanakhala abodza, bwenzi mtima wake utapepukako.

"Ndi enieni, azakhali. Koma adokotala anati..."

"Kodi mwanayu ndi nesi?" anafunsa bambo uja, akumuyang'ana pamwamba pa timabokosi.

"Ndi pulofesa," anayankha azakhali. "Zotsatira za mayeso sizinatuluke, koma wayamba kale kutiphunzitsa kuti tsobola wakale sawawa."

Ogulitsa nsapato anaseka. Magalasi anayang'ana zala za kumapazi kwake, makutu akutentha.

Lamulo la m'wodi ya amuna linali loti alendo azilowa kawiri patsiku, m'mawa ndi masana, kwa ola limodzi. Nthawi ina yonse ankaloledwa ndi gadiyani mmodzi yekha, wokhala ndi kakhadi kobiriwira. Kakhadiko kanali m'thumba mwa Magalasi. Azakhali analiganizira bwino lamuloli. Akanapereka makapisozi pamanja, anesi akanaona. Choncho m'mawa uliwonse, kukhitchini ya magadiyani, ankatsegula makapisozi aja ndi zikhadabo, ufa wake n'kuukutumulira m'fulasiki ya tiyi, mapiritsi oyera aja n'kuwaphwanya ndi supuni. Kenako shuga masupuni anayi, n'kukhutchumula.

"Theka m'mawa, theka madzulo. Wamva?"

"Ndamva."

"Ine ndakonza. Iwe ntchito yako ndi kuthira m'kapu basi. Ndi bambo ako amenewa, si a dokotala."

Abambo anali munthu wa nthabwala. Ngakhale ululu utawapinda ngati chitsulo cha pageti, ankapezabe chonena. Botolo la diripi ankaliti mkazi wachiwiri, chifukwa ankapita nalo ndi kuchimbudzi komwe. Tsiku loyamba la tiyi uja anamwa kamodzi, nakwinya nkhope.

"Iwe, tiyi ameneyu mwaphikira m'chitini cha penti?"

Magalasi anatseka fulasiki msangamsanga.

"Ndi m'kamwa mwanu, abambo. Matenda amachititsa kuti zinthu ziziwawa."

"Basi ndiye matenda ake ndi ankhanza. Andilanda botolo la mowa, andilandanso tiyi."

Anamwa yense. Kunali kuyamba kwa Magalasi kuwanamiza abambo ake, ndipo chimene chinamuopsa n'chakuti bodzalo linatuluka mosavuta, pamene zoona zinkamukanira pakhosi.

Adokotala a m'wodimo anali mayi wachitsikana, wamfupi, woyenda mothamanga, cholembera chili m'tsitsi. Odwala anali ambiri moti ena ankagona pansi pa matiresi, koma akafika pabedi la abambo ankaima pang'ono, chifukwa anali ataona kuti mtsikanayu amamvetsera. Tsiku lina anatembenuza pepala la m'fayilo n'kumujambulira chifu, matumbo ndi kapamba kuseri kwake.

"Achibale ambiri amandikwiyira," anatero. "Amaona ngati jakisoni ndiye chikondi. Koma mankhwala opha tizilombo ali ngati nkhwangwa. Ukamatema nayo miyala tsiku ndi tsiku, tsiku lofuna kudula mtengo upeza yabuntha. Bambo ako tikuwayang'anira. Tizilombo tikalowa, tidzadziwa, ndipo tidzawapatsa nthawi yomweyo. Iwe ukundimva, eti?"

"Ndikumva."

"Ndaona. Ukakhoza mayeso uganizireko za unesi. Tikusowa anthu a mutu ngati wako."

Fulasiki inali pakabati, pafupi ndi chigongono cha adokotala. Magalasi sanathe kuwayang'ana kumaso.

Madzulo a tsiku limenelo anatenga fulasiki ija n'kupita nayo kumpopi wa kuseri kwa wodi. Anayang'ana uku ndi uku, nakhuthulira tiyi yense mu ngalande, naitsuka katatu. Anakagula tiyi wina pageti. Abambo anamwa nati, "Aaa, lero ndiye m'kamwa mwachira." Kwa nthawi yoyamba chigonekereni abambo ake, Magalasi anapuma mpweya wonse.

Koma kutacha, thupi la abambo linatentha kuposa masiku onse. Ankabuula, mapilo atanyowa ndi thukuta. Anesi anayeza, nalemba, nati, "Zimachitika, kutupa kumakwera n'kutsika." Adokotala nawo ananena zomwezo. Magalasi anamva mawuwo, ndipo mutu wake unavomera. Koma mtima unakana. Nanga ngati azakhali akunena zoona? Nanga ngati tiyi uja ndiye amawagwira abambo kuti asagwe, ndipo iye wawataya mu ngalande? Sayansi yonse ya m'kope lake inaoneka yaing'ono pamaso pa munthu wobuulayo.

Azakhali atafika ndi fulasiki yatsopano, anagwira mphumi ya mlongo wawo, kenako anamuyang'ana Magalasi nthawi yaitali.

"Dzulo madzulo anamwa?"

Magalasi anangoti zyoli.

"Ndimadziwa. Mwana iwe, ukufuna udzatchedwe wopha bambo ako?"

Kuyambira pamenepo sanaphonyenso. Palibe amene ankamuyang'anira. Ankathira yekha, m'mawa ndi madzulo, ndipo nthawi zina ankakhutchumula fulasiki kuti ufa wa pansi usatsale.

Patatha masiku khumi ndi awiri, ululu unachepa, thupi linazizira, ndipo abambo anatulutsidwa. Adokotala anawauza kuti asakhudzenso mowa, azidya zopanda mafuta, ndipo thupi likatenthanso abwere msanga. Azakhali analowa mumsewu wa kwawo ngati munthu wobwera kunkhondo. Aliyense wodzazonda ankamufotokozera pakhonde.

"Akanakhala kuti ndi alamu angawa ndi pulofesa wawoyu, bwenzi pano tikuimba nyimbo zina. Mawu a akulu akoma akagonera."

Makapisozi atatha anakagulanso ena, ati kuti atsukiretu zotsalira. Tsopano sankabisanso m'tiyi. Ankawapereka pamanja, ndipo abambo ankameza akuseka. "Achemwali anga akalamula, ndi pulezidenti yemwe amamwa."

Tsiku lina Magalasi anawapeza amayi ake kuseri kwa nyumba akuyamwitsa khanda.

"Amayi, bwanji simukuwaletsa azakhali?"

Amayi anasisita mutu wa mwanayo.

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka, mwanangu. Anawalera okha bambo akowa makolo atamwalira. Ndikawaletsa, china chake n'kuchitika, adzati ndine. Ndikapanda kuwaletsa, china chake n'kuchitika..." Sanamalize. "Koma taona, si akuchira?"

Sankachira. Ankakhala pampando pakhomo la shedi yawo, akuyang'ana mageti amene anawasiya osamaliza, koma dzanja silinkatha kunyamula ndi hamala yomwe. Chakudya ankangochilawa. Kenako kunabwera kutsegula m'mimba kosaleka, ndipo lilime linachita zoyera ngati lapakidwa laimu. Kumapeto kwa sabata yachitatu ya makapisozi aja, dzuwa lili paliwombo, anayamba kunjenjemera mpaka mpando unkagogoda pansi. Anafunda mabulangete atatu koma mano ankangowombana. Neba wa galimoto yonyamula mchenga ndiye anawathamangira nawo kuchipatala.

Anawagoneka m'wodi yomwe ija, bedi la pafupi ndi zenera. Atawajambula m'mimba, adokotala anati mbali ina ya kapamba inafa ndipo mwachita mafinya. Anapopako pang'ono ndi singano yaitali n'kutumiza ku labu, ndipo tsiku lomwelo kangolo ka anesi kanaima pabedi la abambo. Jakisoni wopha tizilombo, katatu patsiku.

"Mwaona?" anatero azakhali mokweza, kuti wodi yonse imve. "Zimene ndinkanena tsiku loyamba ndi zimene akuchita lero. Anadikira kuti munthu awole kaye!"

Anesi anangowayang'ana, napitiriza ntchito yawo. Magalasi anapemphera kuti azakhali apitirize kudzitama mpaka kalekale, bola abambo achire.

Tsiku loyamba thupi silinazizire. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu abambo anasiya nthabwala. Ankangoyang'ana kudenga, maso atalowa m'kati, milomo itang'ambika. Lachinayi m'mawa adokotala anaitana achibale onse m'kachipinda kawo. Munali tebulo limodzi, mipando iwiri, ndi sinki yodontha. Amayi ndi azakhali anakhala pamipando, khanda lili pamiyendo pa amayi. Magalasi anaima pafupi ndi chitseko.

"Zotsatira za ku labu zabwera," anatero adokotala, pepala lili m'manja. "Tizilombo ta m'mafinya aja anatiyesa ndi mankhwala asanu. Anayi sakutipha, kuphatikizapo amene tikuwabayawa. Zimenezi timaziona kawirikawiri kwa munthu amene wakhala akumwa mankhwala a mtundu umenewu kwa nthawi yaitali. Koma m'fayilo muno ife sitinawapatse. Ndiye ndikufunsa, osati kuti ndikalipire munthu: kodi pali mankhwala ena amene amamwa?"

"Ayi," anayankha azakhali msangamsanga. "Ife mankhwala tiwatenga kuti? Tinkangodikira inu."

"Amayi?"

Amayi anakonza chipewa cha khanda chimene chinali chokhala kale bwino.

"Ndikufunsa chifukwa ndiyenera kudziwa mtundu wake ndi masiku ake," anapitiriza adokotala. "Kutsegula m'mimbaku ndi zoyera za m'kamwazi, ngati zachokera ku mankhwala, zili ndi chithandizo chake chosiyana. Ndikalemba kalata yolakwika yopita kuchipatala china, anzanga a kumeneko adzayambira polakwika."

Sinki inkadontha. Magalasi anamva mawu akukwera kuchokera m'mimba, nafika pakhosi pamene ankaima nthawi zonse. Anaona msana wa azakhali, wowongoka ngati mtengo wa magetsi. Anaona khosi la amayi ake litawerama. Anaganiza zodikira kuti onse atuluke, adzanene payekha mawa. Kenako anakumbukira milomo ya abambo ake.

"Amamwa."

Mawuwo anatuluka aang'ono, moti adokotala anachita kupendeka mutu.

"Amamwa makapisozi ofiira ndi achikasu, ndi mapiritsi oyera. Kuyambira tsiku lachisanu ali muno. Tinkathira m'tiyi. Kunyumba anapitiriza. Onse pamodzi ndi masabata atatu." Anapisa m'thumba la siketi natulutsa timapepala topanda kanthu, timene ankatitola m'zinyalala osadziwa chifukwa chake. "Ndine ndinkawapatsa. Tsiku lija munkandijambulira kapamba, anali m'fulasiki pakabati pomwepo."

Adokotala analandira timapepalato, natiwerenga, natiika patebulo. Sanakalipe. Anangotseka maso pang'ono, ngati munthu amene wanyamula katundu mtunda wautali n'kuuzidwa kuti njira si imeneyo. Kwa Magalasi, bola akanamumenya mbama.

"Mwana wopanda mwambo!" Azakhali anali ataimirira. "Ukutiyalutsa pamaso pa anthu? Chabwino, inde, ndinagula ndine. Ndipo ndi amene anamudzutsa! Inu munkangomuthira madzi. Tanenani, adokotala, nenani pamaso panga kuti ndamupha mlongo wanga!"

"Sindinena zimenezo, amayi, chifukwa sindikuzidziwa. Khalani pansi."

Azakhali sanakhale.

"Ulendo woyamba uja anadzuka chifukwa kutupa kunaphwa pa nthawi yake. Mafinyawa akanatha kubwera ngakhale musanawapatse kalikonse. Matendawa amatero kwa anthu ena, ndipo makapisozi sawaletsa. Chimene ndikudziwa ndi ichi: m'mimba mwa munthu aliyense muli tizilombo tambiri, tofewa ndi tolimba. Masabata atatu amenewa apha tofewa. Zili ngati kupalira udzu wofewa wokhawokha, kapinga n'kupeza malo. Tolowa m'kapambamo ndi totsalato. Pakanapanda makapisozi, mwina jakisoni wangayu akanagwira. Ndikuti mwina. Mapanga awiri avumbwitsa, amayi, koma sindingakuuzeni dontho limene lanyowetsa munthu."

"Munati mankhwala asanu," anatero amayi, kuyankhula koyamba. "Wachisanuyo?"

"Wachisanuyo akugwira. Koma kuno tilibe. Ali kuchipatala chachikulu, ndipo kumeneko n'kumene angaike paipi yotulutsira mafinya. Ambulansi inyamuka masana ano. Ndi ulendo wa maola anayi."

"Akafika?"

Adokotala anayang'ana pepala lawo.

"Tiyesetsa kuti akafike."

Pamenepo azakhali anagonja. Anakhala pampando, manja ali pamutu, nayamba kulira kulira kwa pansipansi kumene Magalasi anali asanakumvepo.

"Ndinamubereka kumsana ali ndi zaka zitatu. Ndinkamutafunira chakudya ine. Ndiye ndikanangokhala n'kumaonerera madzi akudontha? Inu mukanatha?"

Magalasi ankafuna kuti adane nawo, koma chidanicho sichinabwere. Pomwe chikanakhala panali dzenje chabe.

Ambulansi inaima kuseri kwa wodi dzuwa litapendeka pang'ono. Inali yakale, chitseko chakumbuyo chomangidwa ndi waya. Anyamata awiri a m'wodi anakweza abambo pamachira, anesi operekeza nakhala kutsogolo ndi fayilo. M'katimo munali kale mayi wina wodwala, atagona mbali inayo ndi womusamalira wake.

"Gadiyani mmodzi!" anakuwa dalaivala. "Osati mudzi wonse. Mmodzi!"

Azakhali anali ataponya kale chikwama chawo m'kati, phazi limodzi lili pachopondera.

"Alamu," anatero amayi. "Tsikani. Apite mwanayu."

Azakhali anatembenuka, maso ali psuu.

"Mwati chiyani?"

"Ndati apite mwanayu."

"Kamwana kosadziwa ndi njira yomwe? Kamene katigulitsa m'mawa uno?"

"Ine ndinakhala chete masabata atatu, alamu, ndipo mlandu umenewo ndi wanga, sindikukupatsirani. Koma kumene akupitako akafunsa mafunso ambiri. Ndikufuna kukhale munthu woti akafunsidwa akayankhe zimene zinachitika." Amayi sanabwerere m'mbuyo. "Ndi mwamuna wanga."

Dalaivala analiza hutala. Azakhali anayang'ana mlongo wawo ali gone m'katimo, kenako anatsitsa phazi pang'onopang'ono. Anakoka chikwama chawo, natulutsamo juzi yawo yakuda, namuponyera Magalasi pachifuwa osamuyang'ana.

"Kumeneko kumazizira," anatero, nafulatira.

Magalasi anakwera. Sankafuna kupita. Ankafuna kuti munthu wina wamkulu, wodziwa zinthu, akhale pamalo pakepo. Chitseko chinatsekedwa, waya anamangidwa, ndipo pa kazenera kafumbi anaona amayi ndi azakhali ataima motalikirana, aliyense akuyang'ana kwake, mpaka geti linawabisa.

Kachitsulo kokolekera diripi kudenga kanali kothyoka. Anesi anatembenuka, namupatsira botolo.

"Uligwire m'mwamba. Likatsika, madzi aima."

Analigwira. Msewu unali wa maenje, ndipo galimoto ikadumpha abambo ankabuula. Atadutsa nyumba zomalizira za tauni, phewa linali litayamba kale kuwawa, ndipo maola anayi anali asanayambe n'komwe. Anasintha dzanja, nasinthanso.

"Magalasi."

"Abambo."

Anali atatsegula maso. Mawu awo anali ngati pepala louma.

"Iwe umamva zoyankhula zawo. Tandiuza. Ndichira?"

Magalasi anayang'ana anesi, koma anesi ankayang'ana msewu. Anafufuza m'mutu mwake mawu abwino, ofewa, oti munthu n'kugona nawo. Analipo ambiri, ndipo akanatuluka mosavuta. Misozi inadzaza m'magalasi mwake, koma analibe dzanja lopukutira.

"Sindikudziwa, abambo."

Abambo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anagwedeza mutu pang'ono, ngati mmisiri amene wauzidwa muyeso weniweni wa chitsulo.

"Chabwino," anatero. "Kweza dzanja, mwanangu. Madziwo aima."

Anakweza.